Uthenga wautali pa foni: tiudule bwanji kuti usasokonekere panjira?

Foni yafika m'midzi yambiri ya boma la Chifunde. Kuyambira 2012, pamene Movitel inayamba nchito m'dziko muno, netiweki, imene ambiri timati rede, yafika kumalo kumene kale kunalibe. Lero uthenga wa msonkhano, wa maliro, wa mtengo wa fodya kapena wa soya umayenda pa SMS, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ife amene taphunzira kulemba tili akuluakulu, nafenso tikulemba. Nthawi zina a mfumu kapena a gulu la amayi amatiuza kuti, "Paja inu mumadziwa kulemba, tadziwitsani anthu."

Vuto limabwera nkhani ikakhala yaitali. Mwalemba zonse bwinobwino, mwatumiza, koma tsiku likafika anthu ena sanabwere, ena abwera mocedwa, ena abwera osanyamula zofunika. Mukawafunsa, akuti, "Tinauona uthengawo, koma unatalika."

Nsima sitimeza mtanda wonse. Timatema nthongo. Uthenga wautali nawonso umafuna kuudula m'zidutswa. M'nkhani ino tiona cifukwa cake, pamene tiyenera kudula, ndi pamene sitiyenera kudula.

N'cifukwa ciyani tiyenera kudula?

Coyamba, galasi la foni ndi laling'ono. Pa kafoni ka mabatani mumaoneka mizere yocepa cabe. Munthu amene amawerenga pang'onopang'ono akafika pakati, waiwala zimene zinali pamwamba. Akafuna kubwerera, wasocera.

Caciwiri, foni imabisa mbali ina ya uthenga wautali. Pa WhatsApp mumaona ciyambi, kenako mawu a Cipwitikizi akuti "Ler mais". Pa Facebook pamalembedwa "Ver mais". Mawu amenewa akutanthauza kuti nkhani ikupitirira, dinani apa. Anthu ambiri sadina. Ngati tsiku la msonkhano munalilemba kumapeto, iwo sanalione.

Cacitatu, malo olembapo ali ndi malire. SMS imodzi imalowa zilembo 160. Pa X, munthu wosalipira amalemba zilembo 280. Pa Estado ya WhatsApp mumalowa zilembo 700, ndipo zimafufutika pakapita maola 24. Kumbukirani kuti foni imawerenga ciliconse: cilembo, nambala, kadontho, ngakhale mpata umene uli pakati pa mawu awiri.

Pa SMS pali kamsampha kena. Mukalembamo cilembo cokhala ndi kacizindikiro pamwamba, monga ã wa m'mawu akuti "amanhã", kapena ê, kapena ŵ amene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, mafoni ambiri amacepetsa malo kucoka pa 160 kufika pa 70. Tizithunzi ta nkhope yoseka nato timacita cimodzimodzi. Uthenga umene ukanapita kamodzi umapita kawiri kapena katatu, ndipo kiredito imatha msanga. Mukamalemba, yang'anani kanambala kamene kamaoneka pakona pa galasi. Kamakuuzani zilembo zimene zatsala.

Mukadutsa malire, foni imadula yokha. Koma foni sidziwa Cinyanja. Imangowerenga zilembo n'kudula, ngakhale pakati pa liwu. Foni ya wolandira imayesa kulumikiza zidutswazo, koma rede ikafooka cidutswa cina cimacedwa. Ndi bwino kuti mudule nokha, pamalo pamene ganizo lathera.

Njira imeneyi inacokera kuti?

SMS yoyamba inatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992. Mu 2006 kunabadwa Twitter, malo a pa intaneti pamene munthu amalemba ndipo aliyense amawerenga. Poyamba ankalola zilembo 140 zokha, kuti uthenga ndi dzina la wolemba zikwane mu SMS imodzi. Anthu okhala ndi nkhani zazitali anapeza nzeru. Ankalemba cidutswa coyamba, n'kudziyankha okha ndi caciwiri, kenako cacitatu, ciliconse cili ndi nambala yake. Mu Novembala 2017 kampaniyo inawonjezera malo kufika pa zilembo 280, ndipo mu Disembala caka comweco inaika batani lolumikizira zidutswa. Mu 2023 dzina lake linasintha kukhala X.

Mzere wa zidutswa wotere pa Cingelezi amaucha thread, pa Cipwitikizi amati fio. Mawu onse awiri akutanthauza ulusi. Alimi a fodya mukuzidziwa izi: posoka fodya, masamba amalowa pa cingwe cimodzi motsatana. Ife kuno ambiri sitili pa X, koma nzeru yomweyi imagwira nchito pa SMS, pa gulu la WhatsApp ndi pa Facebook.

Lamulo lalikulu: cidutswa ciliconse ciime pacokha

Inu mumatumiza zidutswa zinayi motsatana, koma si onse amene adzalandira zinayi. Taonani zimene zimacitika panjira.

Mnzanu pa gulu akuona cidutswa cacitatu, camukhudza, akucitumiza kwa m'bale wake ku Mualadzi. Zina zitatu zatsala. M'bale uja walandira cidutswa cimodzi basi. Komanso uthenga wopatsirana pa WhatsApp suonetsa dzina la amene anaulemba poyamba. Umangoonetsa kamuvi kosonyeza kuti wacokera kwina.

Pa gulu la anthu ambiri, mukamalemba cidutswa caciwiri, wina waponya kale cithunzi, wina wapereka moni, wina wafunsa mtengo wa feteleza. Zidutswa zanu zabalalika pakati pa nkhani za ena.

Pa SMS, kumalo kumene rede imabwera n'kupita, cidutswa caciwiri cikhoza kufika coyamba cisanafike.

Conco musanatumize cidutswa, dzifunseni funso limodzi: munthu atalandira ici cokha, kodi amva zoona? Kapena amva zolakwika? Ngati angamve zolakwika, ndiye kuti mwadula pamalo oipa.

Citsanzo: katemera wa nkhuku

Citopa ndi matenda amene amamaliza nkhuku m'midzi yathu. Ku Mozambique katemera wake amaperekedwa katatu pa caka: mu Malici, mu Julayi ndi mu Novembala. Tiyerekeze kuti mwapemphedwa kudziwitsa anthu. Ambiri tingalembe motere:

"Moni nonse a m'mudzi muno, amayi ndi abambo, ndikukhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi ana, monga mukudziwa caka catha nkhuku zambiri zinafa ndi citopa ndipo ena anatsala ndi khola lopanda kanthu, ndiye titakhala pansi ndi a mfumu tinagwirizana kuti caka cino tisacedwe, ndipo wakatemera wavomera kubwera koma wanena kuti nkhuku zodwala sazipatsa katemera komanso musazitsegulire m'mawa cifukwa zikabalalika n'zovuta kugwira, katemerayo ndi kadontho kamodzi m'diso ndipo nyama ndi mazira mutha kudya, iye adzabwera mawa 6 koloko ndipo adzayambira kwa a mfumu."

Zonse zili m'menemo ndi zoona, ulemu ulimonso. Koma tsiku ndi nthawi zili kumapeto kwenikweni, kumene ambiri safika. Tsopano taonani uthenga womwewo titaudula:

1/4 Moni nonse. Katemera wa nkhuku m'mudzi mwa ...... Loweruka pa 15 Novembala, 6 koloko m'mawa. Ayambira kwa a mfumu. Ndine mlembi wa gulu la alimi.

2/4 Katemera wa nkhuku: Loweruka pa 15 m'mawa musatsegule khola. Nkhuku zikhale m'kati mpaka wakatemera afike. Zikabalalika n'zovuta kugwira.

3/4 Katemera wa nkhuku: ndi wa nkhuku zazikulu ndi anapiye omwe, koma yodwala sayipatsa. Yodwala ipatuleni.

4/4 Katemera wa nkhuku: ndi kadontho kamodzi m'diso. Nyama ndi mazira mutha kudya popanda vuto. Uthenga wathera pano.

Pa madontho aja mulembepo dzina la mudzi wanu. Cidutswa ciliconse pano cikukwana mu SMS imodzi. Mayi amene walandira caciwiri cokha adziwa tsiku ndi zoti acite. Bambo amene walandira cacitatu cokha sapereka nkhuku yodwala. Nkhani ya nkhuku zimene zinafa caka catha taisiya, cifukwa aliyense akuidziwa kale.

Njira zisanu ndi imodzi zodulira

1. Yambani pa pepala. Lembani zonse zimene mukufuna kunena mu kope lanu, foni ili m'thumba. Pa pepala mukhoza kufufuta osataya kiredito kapena mamega.

2. Pezani cinthu cacikulu. Dzifunseni: ngati anthu angawerenge mzere umodzi wokha, ukhale uti? Kawirikawiri ndi yankho la mafunso anayi: n'ciyani, liti, kuti, ndani. Mzere umenewo upite m'cidutswa coyamba.

3. Ganizo limodzi, cidutswa cimodzi. Werengani zimene mwalemba mokweza mawu. Pamene mwapumira cifukwa nkhani yasintha, ikani mzere ndi pensulo. Pamenepo ndiye podulira.

4. Ikani mutu waufupi pa cidutswa ciliconse. Mawu awiri kapena atatu akwana: "Katemera wa nkhuku", "Maliro", "Msonkhano wa sukulu". Musatope ndi kubwereza. Mutuwo ndiye ulusi umene ukumanga zidutswa zonse.

5. Ikani manambala awiri. 2/4 akutanthauza caciwiri mwa zinayi. Amene walandira 1/4, 2/4 ndi 4/4 amadziwa kuti cimodzi casowa, ndipo amafunsa. Mukangolemba 1, 2, 3, palibe amene adziwe kuti nkhani yatha kapena ikubwerabe.

6. Cotsani mawu oyendayenda. Awa ndi mawu amene tanthauzo lake limasintha uthenga ukayenda: "mawa", "lero", "muno", "kuno", "iye", "kumeneko". Munthu akalandira uthenga wanu patapita masiku awiri, "mawa" lake si "mawa" lanu. Lembani dzina la tsiku ndi deti. M'malo mwa "muno", lembani dzina la mudzi. M'malo mwa "iye", nenani kuti ndi ndani.

Nanga moni? Kwathu kuno sitiyamba nkhani osapereka moni, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino. Koma pa uthenga wa anthu ambiri, "Moni nonse" wakwana. Ngati mukulembera apongozi kapena a mfumu, moni wonse ukhale cidutswa cakecake, nkhani itsatire.

Pamene sitiyenera kudula

Pali zinthu zimene zikalekana zimavulaza. Izi ziyende pamodzi nthawi zonse.

Coyamba ndi muyeso wa mankhwala. M'zaka zaposacedwa kolera yavutitsa m'cigawo ca Tete, ndipo mauthenga a zaumoyo amayenda kwambiri pa foni. Mwana akatsegula m'mimba, mankhwala a m'mapaketi ocokera ku cipatala ndiwo abwino koposa. Akasowa, azaumoyo amaphunzitsa kupanga madzi a shuga ndi mcere kunyumba. Taonani kudula koipa:

Cidutswa coyamba: "Tengani lita imodzi ya madzi owiritsa, thiranimo supuni zazing'ono 6"

Cidutswa caciwiri: "za shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere."

Mayi amene walandira coyamba cokha adzafunsa: supuni 6 za ciyani? Ngati anamvapo kale kuti madziwo amakhala ndi mcere, akhoza kuthira supuni 6 za mcere. Mcere woculuka cotere ndi woopsa kwa mwana. Muyeso wonse ukhale pamodzi:

"Madzi a mwana wotsegula m'mimba: lita 1 ya madzi owiritsa ozizira, supuni zazing'ono 6 za shuga, theka la supuni yaing'ono ya mcere. Pitani naye ku cipatala."

Zonsezi zikukwana mu SMS imodzi. Supuni zake ndi zija za tiyi, zodzaza mongofika m'milomo, osapanga kaphiri.

Caciwiri ndi liwu lakuti "koma". Liwu limeneli limasintha zimene zanenedwa kumbuyo kwake. Mukalemba "Katemera ndi wa nkhuku zonse" m'cidutswa cina, ndipo "koma zodwala ayi" m'cidutswa cotsatira, coyambaco cikayenda cokha cikunama. Cidutswa cisayambe ndi "koma", "pokhapokha" kapena "kupatula". Mawu amenewa akhale pamodzi ndi nkhani imene akuikonza.

Samalaninso ndi "sa" ndi "si". M'Cinyanja, kusiyana kwa "mubwere" ndi "musabwere" ndi zilembo ziwiri zokha. Wowerenga mofulumira akhoza kuzidumpha. Mukaletsa cinthu, nenani ndi cimene anthu acite: "Musatsegule khola. Nkhuku zikhale m'kati."

Cacitatu ndi nambala ya ndalama. Pa maliro timasonkha ndalama pa M-Pesa kapena pa e-Mola. Tonse tinalandirapo uthenga wa akuba wonena kuti titumize ndalama pa nambala inayake. Ngati nambala yanu ikuyenda yokha m'cidutswa, ikufanana ndi uthenga wa akubawo. Munthu wocenjera satumiza. Coipa kwambiri, munthu woipa akhoza kutenga zidutswa zanu zonena za maliro n'kuwonjezerapo cidutswa ca nambala yake. Conco m'cidutswa cimodzi mukhale zinthu zitatu: ndalamazo ndi za ciyani, nambala yake, ndi dzina limene lidzaoneka pa foni potumiza. Inunso mukalandira uthenga wotere, imbani kaye kwa munthu amene mukumudziwa.

Cacinayi ndi mtengo ndi dzina la ndalama. Boma lathu lili m'malire ndi Zambia ndi Malawi. Abale athu ali ku Katete, ku Chipata, ku Mchinji, ndipo uthenga umawoloka pa Cassacatiza popanda ciphaso. Mukalemba "500" cabe, wina awerenga metikali, wina kwaca ya Zambia, wina kwaca ya Malawi. Lembani dzina la ndalamayo pambali pa nambala. Nambala ya foni nayo ikhale ndi ciyambi ca dziko: +258 ya Mozambique, +260 ya Zambia, +265 ya Malawi.

Potsiriza, pali nkhani zosayenera kuyamba ndi uthenga wolemba. Imfa ya munthu, abale apafupi amve ndi pakamwa kapena muwaimbire. Uthenga wa pa gulu ubwere pambuyo, wonena za tsiku ndi malo a maliro.

Potumiza

Konzani zidutswa zonse musanatumize coyamba. Mukatumiza 1/4 n'kuyamba kuganiza za 2/4, anthu ayamba kale kufunsa mafunso, ndipo nkhani yasokonekera.

Pa WhatsApp yang'anani kacizindikiro ka pansi pa uthenga. Kawoci kakutanthauza kuti uthenga sunacoke m'foni mwanu. Kamzere kamodzi kokhota kakutanthauza kuti wapita. Tiwiri tikutanthauza kuti wafika. Kumalo kumene rede ndi yofooka, dikirani kamzere kamodzi musanatumize cidutswa cotsatira.

Pa Facebook, lembani cidutswa coyamba pamwamba, zotsalazo muzilembe pansi pake ngati mukudziyankha nokha. Musaiwale manambala, cifukwa Facebook nthawi zina imasintha ndondomeko ya mayankho.

Musadule mopitirira. Cidutswa ciliconse cimaliza foni ya mnzanu, ndipo pa SMS ciliconse cimadya kiredito. Zidutswa zitatu, zinayi kapena zisanu n'zokwana. Zikafika khumi, bwererani ku pepala. Mwina muli mawu ongobwereza, kapena ndi nkhani ziwiri zosiyana zimene zikufuna masiku awiri.

Ena amati, "Bwanji osangojambula mawu?" Uthenga wa mawu ndi wabwino kwa agogo amene sawerenga, ndipo mukhoza kuutumiza pambali. Koma umadya mamega ambiri kuposa zilembo, sufika pa SMS, ndipo wofuna kukumbuka deti ayenera kumvera zonse kuyambira poyamba. Zolemba munthu amazipeza ndi maso pa kanthawi kocepa, amazikopera mu kope, amazionetsa kwa mnzake.

Yesani nokha

Tengani kope ndi pensulo. Werengani uthenga uwu:

"Moni makolo nonse, ana athu akuphunzirira pansi pa mtengo ndipo mvula yayandikira, ndiye tinagwirizana kuumba njerwa, amayi abwere ndi ndowa zotungira madzi, abambo abwere ndi makasu ndi zikombole, koma amene ali ndi ana odwala asavutike kubwera, tikumana mkuja pa sukulu dzuwa likamatuluka."

1. Kodi cinthu cacikulu n'citi? Cili pati mu uthengawu?
2. Pezani liwu loyendayenda. Mulembapo ciyani m'malo mwake?
3. Liwu lakuti "koma" liyenera kukhala m'cidutswa cimodzi ndi mawu ati?
4. Dulani uthengawu m'zidutswa zitatu. Ikani mutu ndi manambala.
5. Werengani zilembo za cidutswa ciliconse, pamodzi ndi mipata. Kodi zakwana mu 160?

Mukamaliza, lembani cidutswa ciliconse pa kapepala kakekake. Patsani anzanu atatu a m'kalasi, aliyense kapepala kamodzi, asaonetsane. Kenako funsani aliyense kuti, "Mwamva ciyani? Mucita ciyani?" Ngati onse atatu ayankha zoona, mwadula bwino. Ngati mmodzi wasokonezeka, konzani kapepala kake ndipo muyesenso. Pang'onopang'ono ndi mtolo.